Chimbudzi cha Amalume ndi Chitsime cha Azakhali

Madzi a pansi pa nthaka ku Kande amayenda kuchokera kumapiri kupita kunyanja. Banja lathu linadziwa zimenezi chifukwa cha chimbudzi.

Azakhali, akazi a amalume anga, ali ndi chitsime chosaya mumchenga, kumunsi kwa nyumba. Ndimo amatunga madzi akumwa ndi oviikira chinangwa, ndipo ufa wawo wa kondowole ngwotchuka ndi kuyera. Ndili mwana tonse tinkati amenewo ndi madzi a m'nyanja osefedwa ndi mchenga. Komatu posambira m'nyanja tinkaponda malo ena ozizira kwambiri, mchenga ukutumphuka pakati pa zala. Tinkangothawa tikuseka, osafunsa kumene madziwo akuchokera.

Chaka chatha nditapita kukacheza, ndinapeza amalume ali m'dzenje lofika m'khosi, akukumba chimbudzi chatsopano kumtunda kwenikweni kwa chitsimecho. Anandifotokozera monyadira kuti poti chitsime chimamwa m'nyanja, kumtunda ndiye kopanda chiopsezo.

Mlangizi wa zaumoyo, mayi wochokera ku Dedza, anadutsa pa njinga n'kuima. Anayesa moni wa Chitonga, anapunthwa, n'kubwerera ku Chichewa. Anati mvula yogwa kumapiri imalowa pansi, imayenda pang'onopang'ono m'mchenga, n'kukatulukira m'nyanja. Chitsime chili panjira yomweyo, ndipo chilichonse cha m'dzenjelo chidzayamba chafika m'chitsime. Amalume anatsutsa. Anati nyanja yaikulu choncho singapemphe madzi pakhomo pawo.

Tinatsetserekera kugombe. Mlangiziyo anafukula kadzenje ndi manja chapamwamba pa pomwe mafunde amalekezera, n'kukanda kangalande kumbali yakumunsi. Madzi ozizira anadzaza, kenako anayamba ulendo wopita kunyanja. Tinadikira. Sanaleke.

"Ada," anatero azakhali, kuitana amuna awo m'Chitonga, "ndiye mumafuna tizidya zanuzo m'kondowole?"

"Ama," anayankha amalume, "dzenje ndakumba kale. Msana wanga uwu."

"Mubzalemo nthochi."

Amalume anang'ung'udza kuti mlendo wa kumapiri wabwera kudzawaphunzitsa nyanja yawo. Azakhali anayankha kuti madziwonso ndi a kumapiri, nanga angawadziwe bwino ndani kuposa wa kumapiri.

Dzenje linakwiriridwa, nthochi inabzalidwa, ndipo chimbudzi chinakumbidwa kutali, chakumbali, kuseri kwa mango. Pano amalume amafotokozera aliyense wokumba dzenje za kayendedwe ka madzi, ngati anatulukira okha. Nthochi ija yabereka mkoko woyamba. Mlangizi akuti mvula ikangoyamba abwera ndi kabotolo kudzatenga madzi a m'chitsime kuti akawayeze.