Mpata Umene Ndinatseka pa Nsalu ya Chiliza cha Amayi

Ndivomere poyambirira pomwe: ndinawononga ntchito ya mwana wa achemwali anga chifukwa cha basela. Sindinabe kanthu, sindinanamize munthu. Ndinangochita zimene ndimachita tsiku ndi tsiku pamsika, ndipo tsiku limenelo ndinabwerera kumudzi ndikudziguguda pachifuwa kuti ndawina. Inu owerenga, makamaka anzanga amene simugula ngakhale singano musananenerere, nkhani iyi ndi yanu.

Ine ndimagulitsa nsapato za kaunjika pa Chitakale, masiku ena ndimapita nazo kumsika wa Milonde. Pa nkhani yonenerera ndiye musandiyese. Ndinanenererapo bokosi la maliro mpaka kalipentala anandiuza kuti angatsitse pokhapokha wolowamo akhale ineyo. Kwathu tinakula ana asanu ndi mmodzi, mwamuna wamkulu ndine, choncho mbumba ili m'manja mwanga.

Mwana amene ndikunenayu ndi Tamanda, woyamba wa achemwali anga aakulu. Amaphunzira zojambula pa kompyuta ku koleji ina ku Blantyre, zija zokonza zikwangwani, zikuto za mabuku ndi mapepala omata pa mabotolo. Ntchito zake ndinkaziona akabwera ku holide, ndipo ndinene zoona, sindinkazimvetsa. Anajambulapo chikwangwani chotsatsa nanazi chopanda nanazi, chongokhala ndi masamba a pamutu aja ndi chithunzithunzi chake pansi. Nditafunsa kuti chipatsocho chapita kuti, anati diso la munthu limamaliza lokha. Ndinati diso langa likamaliza lokha ndiye kuti ndadya kale, ndigulirenji?

Ineyo anandijambulira chikwangwani cha pa benchi yanga. Panali nsapato imodzi yokha, yakutha chidendene, ndi mawu awiri. Tamanda ati nsapato yoyenda kale ndi imene imadziwa njira. Ndinamuthokoza, koma ndinachibisa pansi pa bedi, poopa kuti anthu aziti ndimagulitsa nsapato zosapezana. Chimenechi chinali chizindikiro choti ine ndi zojambula za mwanayu sitimvana. Sindinachione.

Amayi athu anamwalira atagona m'chipatala miyezi iwiri. Anali munthu wothyola tiyi pa esiteti zaka zonse zimene anakhala kuno, wochokera kutsidya ku Mozambique, wosayankhulayankhula. Amene anawadikirira kwambiri kuchipatalako anali Tamanda, chifukwa matenda anakula iye ali pa holide. Patapita chaka ndi miyezi tinagwirizana zomanga chiliza. Mukudziwa inu mmene timachitira masiku ano: pa tsiku lovundukula chiliza achibale onse amavala nsalu yofanana, yokhala ndi nkhope ya malemu, mtanda ndi vesi.

Tamanda anapempha kuti nsaluyo ajambule iye, ikhalenso ntchito yake yomaliza ya ku koleji. Aphunzitsi ake ankafuna aone nsalu yeniyeniyo itasindikizidwa, ndi zithunzi za anthu atayivala pa mwambo. Akakhoza pamenepo ndiye kuti wamaliza sukulu. Ine ndinavomera msangamsanga, chifukwa wojambula waulere sakanidwa.

Tsiku limene anandionetsa pa laputopu, mutu unandizungulira. Nsalu yobiriwira ngati munda wa tiyi mvula itangogwa. Pakati panali manja a amayi, manja okha, amene anawajambula ali m'chipatala, zala zokhota ndi zikhadabo zakuda ndi utomoni wa tiyi. M'munsi mwake munali nsonga za tiyi zisanu ndi imodzi zitandandalikidwa pamzere. Izi ndinazimva, ndinadziwa kuti ndi ife ana. Koma mzerewo sunayambire poyambira. Kumanzere kunali mpata wokwana nsonga ina, wopanda kanthu, ngati mkamwa mwa munthu wochoka dzino lakutsogolo. Kwina konse nsalu inali mbee. Panalibe nkhope, panalibe vesi.

Ndinafunsa za nkhope, iye anati agogo ake sankakonda kujambulidwa. Za mpata uja sindinafunse, ndinangoti mwana wasokoneza poyeza. Pondipatsa fulashi yosungamo chojambulacho anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ankolo, chonde musasinthe kalikonse. Zina ndidzanena tsiku la mwambolo." Inu owerenga, mawu amenewa ine ndinawamva ngati mmene ndimamvera wogulitsa akati uwu ndi mtengo womaliza. Kwa ine pamenepo m'pamene nkhani imayambira.

Tamanda anali ndi mayeso, choncho ku Limbe kosindikiza nsalu ndinapita ndekha. Mkulu wa pamakina anatchula mtengo, ine ndinaseka monga mwa mwambo. Ndinamuonetsa kuti theka la nsalu lilibe chojambula, inki yake sapita yambiri, atsitse. Iye anati mtengo ndi womwewo, kaya nsalu ndi yodzadza kaya ndi yopanda kanthu. Ndinayesa kutuluka pakhomo kuti andiitane, sanandiitane. Ndinabwerera ndekha. Apa m'pamene nzeru za pamsika zinandifikira: munthu akakana kutsitsa, umamulanda basela. Ndinamuuza kuti ngati ndikulipira nsalu yodzadza, ndiye aidzadze.

Ndinatulutsa chitupa cha amayi, mkulu uja anajambula nkhope yawo n'kuiika pamwamba pa manja aja. Tinaikapo mtanda. Tinaikapo vesi, kenako lina, popeza lachiwiri linalinso laulere. M'mbali monse maluwa ofiira. Pa mpata uja ndinati aikepo nkhunda yoyera itatambasula mapiko. Mkulu uja anaima kaye n'kundifunsa kuti, "Akulu, mwini wake wajambula izi akudziwa? Mpata uwu ukuoneka ngati wadala." Ndinamuyankha kuti mwini wakeyo ndinamunyamula ali wakhanda, ndipo mpata wadala kulibe, ulipo mpata woiwala basi. Anangoti chabwino, n'kudina.

Nsalu inafika kumudzi kutatsala masiku atatu. Azimayi anailandira ndi nthungululu. Telala anasoka malaya ndi madiresi mpaka makina kutentha. Aliyense ankati malume awa ndi akatundu, nsalu yotere sinaonekepo m'dera lino. Ine mapewa anakwera.

Tamanda anafika m'mawa wa tsiku la mwambo, kamera ili pakhosi. Atatsika pa kabaza anaona mudzi wonse uli maluwa ofiira ndi nkhunda. Anaima pomwepo. Ndinamuthamangira ndikumwetulira, ndikumuuza kuti zonsezi ndawonjezera popanda kulipira ngakhale tambala. Anagwira nsonga ya malaya anga, n'kuyang'ana nkhunda ija nthawi yaitali. Kamera sanaichotse chivundikiro tsiku lonse.

Kumanda, mapemphero atatha, woyendetsa mwambo anaitana Tamanda, popeza anali atapempha kale kuti adzayankhule. Anangopukusa mutu. Kuti anthu asadabwe, ndinayankhula ine m'malo mwake, ndipo ndinayankhula nthawi yaitali, za ubwino wa amayi ndi ana awo asanu ndi mmodzi. Anthu anawomba m'manja.

Masana anthu akudya, ndinamupeza Tamanda kuseri kwa nyumba atakhala pa mtondo. Ndinayamba ndi mawu aukali pang'ono, oti mwana sachita manyazi otere pa anthu. Iye anandifunsa ngati ndikukumbukira mmene agogo ake ankawerengera ana awo. Ndinaseka, chifukwa imeneyi inali nthabwala ya pabanja pathu. Amayi akafunsidwa ankati ali ndi ana asanu ndi awiri. Ife tinkati n'chifukwa sanapite ku sukulu. Amene ndinkawakonza kawirikawiri ndine, katswiri wa masamu a pamsika. Ndinkati amayi, tilipo sikisi, muziwerenga bwino. Iwo ankangopitiriza zimene akuchita.

Tamanda anandiuza zimene agogo ake anamuuza kuchipatala. Asanabadwe achemwali anga aakulu kunali mwana wina, wamkazi. Anamwalira ali kumsana pamene amayi ndi abambo ankathawa nkhondo kutsidya. Anamukwirira m'mbali mwa mtsinje asanawoloke, popanda nyimbo, popanda chizindikiro. Atafika kuno sanayankhulenso za iye. Tamanda atawafunsa chifukwa chimene sanatiuzire, amayi anati, "Kuyamba ine sindikanatha. Akanandifunsa ndikananena. Koma iwo ankangondikonza."

Ndiye ganizo la mwanayu linali lotere. Ankafuna mpata umene munthu aliyense wouona sangaugwire mtima, afunse basi kuti apa pakusowa chiyani. Mudzi wonse utavala funso limenelo, wina akanafunsa, ndipo iye akanatchula dzina la mwana uja pamanda pa mayi wake, kuti nayenso akhale ndi pomukumbukira. Nsalu yonse ija, kubiriwira konse kuja kopanda maluwa, ntchito yake inali yoti diso lisasochere, lipite pa mpatawo.

Inu owerenga, mukuganiza kuti ndinagwada n'kupepesa? Ayi ndithu. Ndinayamba kunenerera. Ndinati koma anthu aikonda nsaluyi. Iye anati, "Aikondadi, ankolo. N'chifukwa chake palibe wafunsa." Ndinati akanandiuza poyamba. Anati akanandiuza ndiye kuti wayamba iye, ndipo iye ankafuna mmodzi mwa ana a agogo afunse yekha, ngakhale kamodzi kokha. Ndinati nanga tiitane anthu tinene pano. Anati dzina la munthu si chinthu cholengeza anthu ali ndi fupa la nkhuku m'kamwa. Anakwera kabaza dzuwa lisanapendeke. Ndipo taonani uchitsiru wanga: m'kukangana konseko, dzinalo sindinafunse.

Ku koleji zinthu sizinayende. Chimene chinasindikizidwa sichinali chimene iye anajambula, zithunzi za pa mwambo analibe, ndipo chiliza sichivundukulidwa kawiri. Aphunzitsi anamuuza kuti ayambe chojambula china. Anzake anavala zisoti zomalizira sukulu iye akuonerera. Foni yanga anasiya kuyankha.

Chimene chinandisokoneza mutu, ndipo chikundisokonezabe, n'chakuti kumudzi ndinali ngwazi. Mpaka lero azimayi amavala nsalu ya nkhunda ija ku tchalitchi, ndipo mabanja awiri anabwera kudzandifunsa kumene ndinasindikiza. Achemwali anga, amake Tamanda, atamva nkhani ya mkulu wawo analira masiku awiri, koma pambuyo pake anandiuza kuti nsalu yopanda nkhope ndi vesi akulu a mpingo akanaidandaula. Ndiye wolakwa ndani? Nsalu imene anthu onse aikonda ingakhale bwanji yolakwika? Ndinkagulitsa nsapato mutu uli kwina, mpaka tsiku lina ndinapatsa kasitomala pa mtengo woyamba umene iye anatchula. Anzanga a pa benchi anati ndikaonane ndi adokotala.

Yankho la mafunso amenewo sindinalipeze. Chimene ndinapeza ndi chimodzi: kawiri konse munthu anandiikira mpata patsogolo, amayi ndi pakamwa pawo, mdzukulu wawo ndi nsalu, ndipo kawiri konse ndinathamangira kutseka.

Fulashi ija inali ikadali m'thumba la jekete. Ndinabwerera ku Limbe n'kuuza mkulu uja kuti asindikize nsalu imodzi yokha, mmene mwini wake anajambulira. Anati imodzi imadula. Ndinati atchule. Atatchula ndinapereka osatsegula pakamwa. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Akulu, nkhunda ya basela sitiikapo?" Ndinati ayi, ingosiyani iuluke.

Ndinapita nayo ku Blantyre, ndinadikira pa geti ya koleji kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya chakudya. Tamanda atatuluka ndinaitambasula pa mpanda, anthu akudutsa n'kumandiona ngati ndayamba kugulitsa zitenje. Ndinaloza pa mpata paja, ndipo mawu anatuluka movuta kuposa mtengo uliwonse umene ndinatchulapo. Ndinati, "Mwana wa achemwali, apa pakusowa ndani?"

Anayang'ana pamene ndinalozapo. Kenako anati, "Rozina."

Sindinganene kuti zonse zinatha pamenepo. Miyezi imene anataya sinabwerere, ndipo amayi amene ndinkawakonza masamu sangandimvenso. Tamanda foni amayankha tsopano, koma fulashi sandipatsa, ndipo sindimuda. Nsalu ija ndinaipachika kumbuyo kwa benchi yanga pa Chitakale, pambali pa chikwangwani cha nsapato imodzi chimene ndinachitulutsa pansi pa bedi. Zojambula sindikuzimvetsabe. Koma pafupifupi tsiku lililonse kasitomala wina amasiya nsapato, n'kuloza, n'kufunsa ngati pamenepo panafufutika. Ndiye Tamanda ankanena zoona, diso silipirira mpata.

Inu owerenga, ngati muli ndi mwana wophunzira zinthu zimene inu simuzimvetsa, akakupatsani ntchito yake n'kunena kuti musasinthe, umenewo si mtengo woyambira. Ndipo munthu wamkulu kwanu akamabwereza chinthu chimene inu mukuona ngati walakwitsa, musafulumire kumukonza, mufunseni akadali ndi mpweya. Ine ndinazolowera kuti malo opanda kanthu ndi kuluza. Lero kasitomala akandifunsa za mpata uja ndimaika nsapato pansi, ndimamuuza kuti tinabadwa asanu ndi awiri, ndipo woyamba anali Rozina.