Ndodo ya Kapitao wa Malimidwe

Mundikhululukire, inu owerenga, kuti munthu ngati ine ndalimba mtima kugwira pensulo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3 pamudzi pathu pafupi ndi Ligowe, ndipo mpaka lero sinditha kuyankhula ndi wamkulu osayang'ana pansi. Alipo ophunzira amene akanailemba bwino nkhaniyi. Koma mawu amene anazulitsa chimanga cha munthu ndi kumuswetsa nthiti anatuluka pakamwa panga, ndiye ndaona kuti ndi bwino ndinene ndekha.

Njala ya 1949 inatitengera bambo ndi mlongo wanga wamng'ono. Mbuzi ndi nkhuku zonse tinasinthanitsa ndi gaga. Tinatsala awiri, ine ndi amayi, ndi munda umodzi wa paphiri. Kuyambira pamenepo amayi ankasunga mbewu mumphika womata kukamwa ndi dothi, ndipo chaka cha 1953 tinadzala yonse, osatsala ndi njere imodzi.

Masiku amenewo boma linali litaletsa matutu amene makolo athu ankalima. Linkafuna mizere yopingasa phiri, yotalikirana ndodo imodzi. Wolakwitsa muyezo ankamuzulira chimanga, kenako chindapusa kapena ndende. Lamulolo analipanga ku Zomba anthu amene sitinawasankhe, ngakhale kuwaona nkhope. Minda ya azungu a esiteti sinkayezedwa. Wa kalaliki wa bwalo la milandu ndi wa mwini sitolo nayonso sinkayezedwa.

Woyeza minda yathu anali kapitao wa malimidwe, munthu wakuda ngati ife koma wa dera lina. Anafika kwathu ndi njinga ndi kabokosi ka zovala basi. Patapita zaka ziwiri anali ndi nyumba ya malata ndi khola la mbuzi loposa la aliyense, chonsecho palibe amene anamuonapo akugula mbuzi.

Lamulungu lina mu Seputembala, tikutuluka m'mapemphero, kapitaoyo anaimika ndodo yake pamphuthu ya chitseko cha tchalitchi chathu, mtengo wa mlombwa umene bambo anga anasema nawo. Anatulutsa mpeni natema zizindikiro ziwiri, china pamene ndodo inayambira, china pamene inalekezera.

"Muyezo ndi umenewu," anatero. "Wina asadzanene kuti sanauone. Kodi pano alipo amene anapondako kusukulu?"

Anthu analoza ine.

"Iwe kalaliki, uwadulire anthuwa ndodo zofanana ndi iyi."

Ndivomere kuti ndinakondwa. Palibe anali atanditchulapo kalaliki. Sabata yonse ndinkadula nsungwi kumtsinje n'kumakaziyeza pamphuthu paja, iliyonse kawiri, ndipo ndinapereka imodzi pakhomo lililonse. Mudzi wonse unapanga mizere ndi nsungwi zanga. Mvula itagwa tinadzala.

Lolemba lina mu Disembala, chimanga chili m'mawondo, kapitao anabwera kudzayendera minda ali ndi amesenjala anayi onyamula zikoti. Pa minda ya amene anali atatumiza mbuzi kwawo ankangoima m'mbali n'kunena kuti ili bwino. Kenako anafika pamunda wa oyandikana nafe, abambo osula makasu, munthu wachikulire wosakonda kunyengerera. Iwo anali atakana poyera kupereka kanthu, amvekere mbuzi yawo ili ndi mwini wake.

Kapitao anagoneka ndodo yake pakati pa mizere iwiri. Ndodo inapitirira mzere ndi zala zinayi.

"Mizereyi yathithikana. Zulani."

"Dikirani, bwana," anatero abambo osula makasu. Anatenga nsungwi imene ndinawadulira naigoneka pomwepo, ndipo inakwana ndendende. "Nanga iyi? Si ya muyezo wanu womwe?"

Kapitao anandikodola. Anandipatsa ndodo yake m'manja, akumwetulira ngati bambo kwa mwana wake.

"Kalaliki, ndiwe wophunzira pano. Auze anthuwa. Kodi iyi si ndodo yomwe ija ndinaimika patchalitchi?"

Ndinadziwa ndisanaiimike pansi. Muyezo uja ndinali nditaugwira sabata yathunthu, ndipo nsungwi zonse zinkandilekeza pafupa la m'chiuno. Iyi inandifika pamchombo. Koma munthu wamkulu, wa boma, amene anandilemekeza pagulu, ankandiyang'ana akudikira, ndipo ine ndinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa pamaso pa anthu.

"Ndi yomweyo, bwana."

"Nanga wolakwa ndani?"

"Kapena ndine, bwana. Kapena ndinadula molakwa."

Amesenjala analowa m'munda n'kuyamba kuzula ndi manja onse awiri, n'kumaponya chimanga kumbuyo ngati udzu. Abambo osula makasu anagwira mkono wa mmodzi. Sanamumenye ayi, anangomugwira. Chikoti choyamba chinawang'amba malaya ndi khungu lomwe, kuyambira paphewa mpaka m'chiuno. Atagwa, awiri anawaponda m'nthiti ndi nsapato, ndipo ndinamva phokoso ngati la nkhuni youma ikuthyoka. Anasanza magazi pamzere. Akazi awo anadziponya pamwamba pawo, nawonso analandira zikoti zitatu kumsana. Ine ndinali chiimire, ndodo ija ili m'manja mwanga, mpaka kapitao anailanda.

Tsiku limenelo anazula minda ina isanu. Pobwerera anaima pakhomo pathu.

"Mayi, wanu ndidzauona Lachisanu. Mwana wanu ndi waulemu kwabasi. Kambuzi kakafika kwathu, sindidzavutika kukwera phiri."

Ankadziwa kuti tilibe ngakhale nkhuku.

Masana omwewo mwana wamwamuna wa abambo osula makasu anandipeza kumtsinje ali ndi nsungwi yanga ija. Anandimenya nayo mpaka inang'ambika, kenako anapitiriza ndi zibakera.

"A Sitandade Fili! A kalaliki a bwana! Yezani tsopano, tione!"

Anandikanikizira nkhope pamwala, dzino lakutsogolo linatsala pomwepo. Sindinabwezere. Ndikanabwezera chiyani?

Amayi ananditsuka mabala ndi madzi ofunda a mchere. Atatha anafunsa:

"Kodi unadula molakwa?"

"Iyayi, amayi."

"Nanga unavomeranji?"

"Ndinaopa kuwachititsa manyazi."

Anatenga mtsuko n'kupita kumadzi, ngakhale mitsuko yonse inali yodzaza.

M'mawa mwake kunabwera amalume, achimwene awo a amayi. Iwo anagwirapo ntchito ku Harare zaka zambiri, ndipo chibwerereni ankayenda m'misonkhano yokana chitaganya. Ndinawafotokozera zonse.

"Ulemu wako watidyera chimanga, mphwanga," anatero. "Mawa ukanena zomwezi pamaso pa mudzi wonse."

"Amalume, sindingathe."

"Unatha kunena bodza pagulu. Choona n'cholemera bwanji?"

Lachitatu m'mawa anthu anasonkhana patchalitchi. Ndinaimirira milomo ili yotupa, ndipo mawu anga sankamveka. Wina anakuwa kuti, "Kweza mawu, kalaliki, pa bwana paja unamveka!" Ndinabwereza katatu kuti ndodo zilipo ziwiri. Akazi a abambo osula makasu anandilavulira pamapazi.

Amalume anati mlandu suli pa mnyamata yekha. Anati bola muyezo uli m'manja mwa munthu mmodzi, amene sitinamusankhe ndiponso sitingamuchotse, ndodo izingokula chaka ndi chaka. Anatipangira kuti Lachisanu tonse tikakhale pamunda wa amayi, tikalande ndodo, tikaiyeze pamphuthu, koma munthu asakhudzidwe. Mawu omalizawa anawanena kawiri, akuyang'ana mwana wa abambo osula makasu.

Lachisanu kapitao anapeza mudzi wonse utakhala m'mizere ya amayi, azimayi atagoneka makasu pamiyendo. Amayi anga anaimirira kutsogolo.

"Takulandirani, bwana. Tibwerekeni ndodo yanu tikaione patchalitchi."

"Mayi iwe, wapenga eti? Chotsani anthuwa!"

Mesenjala wina anakwapula amayi kumaso. Chikoti chinawang'amba tsaya mpaka kukhutu, ndipo anagwada pansi atagwira nkhope, magazi akutuluka pakati pa zala. Sindikumbukira kuti ndinaganiza kanthu. Ndinangozindikira ndagwira ndodo ya kapitao ndi manja onse awiri, iye akukoka, ine ndikukoka. Mesenjala anandimenya pazala ndi chibonga. Zala ziwiri zinathyoka, ndipo ndinakolowekera ndodo m'khwapa n'kuigonera pansi. Ankandiponda kumsana ndi m'mutu, koma ndodo inali pansi panga.

Pamenepo zimene amalume anatipangira zinatayika. Azimayi anadzuka ndi mipini. Mesenjala amene anamenya amayi anamugwetsa n'kumumenya mpaka anasiya kutchinga ndi manja. Anzake atatu anathawa kutsetsereka phiri, kusiya zikoti. Mwana wa abambo osula makasu anamenya kapitao pamkono ndi mpini wa khasu, mkono unapindika pamalo popanda mfundo. Atakweza khasu kachiwiri, tsopano kotemera kuli kutsogolo, amalume anadziponya pamwamba pa kapitao.

"Ukamupha, ndodo ija aiyankhira ndani? Tema ine kaye!"

Njinga ya kapitao anthu anaiponya kuphompho. Chimanga cha amayi chinathyoka mizere itatu chifukwa cha kupondana.

Tinamukokera kapitao kutchalitchi akulira ngati mwana. Amalume anaimika ndodo pamphuthu. Inapitirira chizindikiro chapamwamba ndi zala zinayi, aliyense anaona. Kapitao anati mwina mtengo wafufuma ndi chinyezi.

"Eti yaphuka ndi mvula?" anatero mayi wina. "Tiidzale, anzanga, mwina ibala mbuzi!"

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali koopsa. Tinamusiya apite wapansi. Loweruka abambo osula makasu anamwalira, tinawaika Lamulungu.

Amalume anati ndodo yokha singatiyankhulire, chifukwa kuboma adzati taidula tokha. Choncho Lolemba m'mawa tinazula mphuthu ya tchalitchi, tinamangirira ndodo ija pambali pake ndi luzi, n'kuinyamula paphewa ngati maliro. Panjira anthu a ku Magaleta anatiphatika, chifukwa nawonso minda yawo inazulidwa ndi ndodo yomweyo. Dzuwa lili pamutu tinafika kuboma.

Asikari anali atandanda ndi mfuti. Amalume anatiuza kuti tikhale pansi, ndipo tinakhala. Iwo okha anapita kutsogolo manja ali m'mwamba. Msikari wina anawamenya kumaso ndi chitsa cha mfuti, ndipo diso lawo lamanzere linaphulika pomwepo. Ena analowa pakati pathu akumenya aliyense wokhala pafupi. Azimayi anakumbatira mphuthu, ena pamwamba pa ena, osaisiya. Mkazi wamasiye wa abambo osula makasu ankakuwa mawu amodzi okha: "Yezani! Yezani!" Kenako tonse tinayamba kukuwa chimodzimodzi.

Pomaliza mzungu wa pabomapo anatuluka ndi womasulira, atagwira rula. Anayeza zizindikiro za pamphuthu, zinali zolondola. Anayeza ndodo, nkhope yake inafiira. Anafunsa amene anadula nsungwi. Ndinaimirira ndipo ndinanena zonse, ndi bodza langa lomwe. Sindinathe kumuyang'ana, ndinkayang'ana nsapato zake.

Amalume, atagwira nsanza padiso, ananena zimene tinabwerera: kuti mudzi uzisankha anthu ake atatu oyenda ndi kapitao, ndi kuti ndodo iliyonse iziyezedwa pamphuthu isanalowe m'munda. Mzunguyo anavomera zimenezo. Za chimanga chozulidwa anati boma silibweza. Za abambo osula makasu anati anafa ndi chifuwa. Amalume ndi mwana wa malemu sanabwerere nafe, anawatsekera chifukwa cha mkono wa kapitao ndi mutu wa mesenjala. Kapitao sanalowe ndende. Anamusamutsira kudera lina, ndipo mbuzi zake anazikweza pa lole ife tikuona. Za munda wa amayi mzunguyo anangoti kapitao watsopano adzauyeza, ukapezeka wolakwa udzazulidwa.

Tinabwezera mphuthu pamalo pake. Tsiku lotsatira tinasankha anthu atatu mokweza manja, chinthu chimene chinali chisanachitikepo pamudzi pathu, moti ena ankakweza manja onse awiri ndipo tinayambiranso. Anasankhidwa mkulu wa mpingo, mayi uja wa nthabwala ya mbuzi, ndi mkazi wamasiye. Wina atafunsa amene azinyamula ndodo, wamasiyeyo anandiloza.

"Azinyamula mnyamata yemweyu, amadziwa kuyeza," anatero. "Koma akafunsidwa funso, ndiziyankha ndine."

Kapitao watsopano anabwera m'mawa kukuwaza mvula. Asanakhale pansi, wamasiye anamulozera pamphuthu. Anang'ung'udza, komabe anaimika ndodo yake, ndipo inalekezera pachizindikiro. Tinakwera kumunda wa amayi. Ndinkagoneka ndodo ndi dzanja lamanzere, chifukwa lamanja linali lomangidwa ndi timitengo, mzere ndi mzere kuyambira pansi mpaka pamwamba, atatu aja akuwerama kuona. Amayi anali m'mbali, tsaya lawo lili lomata mankhwala, atauza kale wamasiye kuti munda ukapulumuka adzagawana zokolola. Pamzere womaliza kapitao anapukuta manja pakabudula.

"Palibe cholakwa. Chimangachi chikhale."

Amayi anawerama n'kuyamba kuimika chimanga chothyoka chija, n'kumachiunjikira dothi patsinde. Wamasiye anatenga khasu n'kuyamba mzere wachiwiri. Linali Lachinayi, pa 24 Disembala 1953.