Palibe Kanthu

Ndinakwatiwa chitengwa kumudzi wina wa kufupi ndi Kabwazi ndisanakwanitse zaka makumi awiri. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Amuna anga ankacheka matabwa m'nkhalango ya paini ku Phiri la Dedza, ndipo kunyumba ankabwera mwezi ukatha. Choncho masiku ambiri ndinkakhala ndi apongozi anga aakazi ndi mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna anga, amene anabwerera pamudzi banja lake litatha.

M'mudzimo ndinatchuka ndi kufatsa. Apongozi akamacheza ndi anzawo ankati, "Mwana wanga anatola mkazi. Ameneyu ngakhale mumuponde chala, wopepesa amakhala iyeyo." Ndikamva choncho ndinkasangalala. Koma kufatsa konseko kunali m'mawu awiri okha: palibe kanthu.

Chaka china ndinasankha mbewu yanga ya kachewere, yosalala, ya maso ambiri, n'kuiyala pa udzu kuti iphuke. Pochokera kudimba ndinapeza theka kulibe. Apongozi anali atapatsa mng'ono wawo.

"Simudandaula eti, make mwana?"

"Palibe kanthu, amayi."

Amuna anga akadutsitsa miyezi iwiri osabwera, palibe kanthu. Amayi a chipani akabwera kudzatitenga kokayeserera nyimbo mwana atatentha thupi, ndinkangomubereka n'kutsatira. Apo pokha chifukwa chinalipo, pakuti masiku amenewo pakamwa pankagulitsa mwini wake. Koma ine kukhala chete kwa pamsonkhano ndinalowa nako m'nyumba, ndinalowa nako ndi m'tchalitchi momwe. Pokalapa ndinkasowa chonena. Ndikagwada pamaso pa bambo mfumu ndinkangoti ndinachedwa ku Misa, ndinagona osapemphera, basi. Ndinkatuluka ndikudziona ngati munthu wopanda zambiri m'kati.

Mlamu wanga yekha ndiye sankagoma nane. Anali wapakamwa, wogulitsa tomato pamsika.

"Alamu," ankatero, "inu tsiku lomwalira tidzagogoda pabokosi kuti kodi mwafadi? Mudzayankhira momwemo kuti palibe kanthu."

Ndinkaseka, nkhani n'kutha.

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anali atapitirira zaka zitatu, wachiwiri ali kumsana. Unali mwezi wa Juni, kukuzizira kwakuti m'mawa udzu unkayera, ife tili pakalikiliki kukolola chimanga. Tsiku lina ndinaona mwana wamkuluyo akuyenda motsimphina m'mizere.

"Iwe, phazilo latani?"

Anayang'ana pansi, n'kupinda timanja kumbuyo. "Palibe kanthu, amayi."

Ndinamukhulupirira chifukwa dengu linali pamutu ndipo ngolo inkadikira. Mawa lake ndinafunsanso, yankho lomwelo. Mapazi a ana m'chisanu amakhala ong'aluka, afumbi, moti pomusambitsa mothamanga sindinaone chachilendo. Tsiku lachitatu anakanika kuima. Nditatembenuza phazi ndinapeza latupa, likunyezimira, munga utathyokera m'kati, mwanabere atatuluka kale.

Tinapita naye kuchipatala cha mishoni, ine nditabereka wodwalayo, mlamu atabereka wakhanda. Namwino anati chotupacho chiyenera kutumbulidwa. Ndinamukhazika mwanayo pamiyendo, ndinamugwira mwendo. Kampeni katalowa, thupi lake lonse linauma ngati mtengo. Misozi inkatsika, koma mawu ayi. Anali ataluma mlomo, maso ali pa ine.

"Lira, mwana iwe, zimenezi zimawawa," anatero namwino. Kenako anatembenukira kwa ine. "Mayi, anzake amsinkhu uwu amakuwa mpaka odwala kuthawa pamzere. Uyu bwanji akungoyang'ana inu?"

Mwanayo anati, "Palibe kanthu, amayi." Anatsitsa mawu kumapeto, monga momwe ndinkatsitsira ine.

Pobwerera tinayenda mtunda ndithu. Titafika pamlatho wamitengo mlamu anati, "Nyimbo yanu ija mwaimva? Waloweza bwinotu. Aphunzitsi ake ndi akatswiri." Ulendo uno sanaseke. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, ndipo ndinamva mawu awiri omwe aja akubwera okha. Ndinawabweza. Ena oti ndinene m'malo mwake ndinalibe.

Phazi linatenga milungu itatu kuti lipole. Namwino anali atanena kuti tikanachedwa masiku ena awiri, nkhani ikanakhala ina. Zimenezo ndinkaziganiza, koma chimene chinkandivuta kwambiri chinali china. Mwana wa zaka zitatu anali ataphunzira kubisa munga m'thupi mwake, ndipo kumuuza pakamwa kuti azinena chikamuwawa sikukanathandiza, chifukwa iye ankaonera kwa ine. Nanga ine ndikanati ndinene chondiwawa, ndikananena chiyani? Sindinkachidziwa.

Madzi tinkatunga pakasupe wa m'munsi mwa mudzi. M'chilimwe ankatuluka pang'onopang'ono pa kansungwi, moti ndowa inkadzaza munthu atapemphera makumi awiri a kolona. Ndinkakonda kupitako anzanga atatunga kale. Tsiku lina nditatchera ndowa ndinaganiza kuti m'mawa uliwonse ndimadzutsa apongozi, mlamu, oyandikana nawo, ngakhale odutsa m'njira, koma pali munthu mmodzi amene sindinamufunsepo. Ndinayang'ana uku ndi uku kuopa kuti wina angati ndapenga, kenako ndinanena chapansipansi kuti, "Nanga iwe wadzuka bwanji?"

Yankho loyamba linali lomwe lija. Ndinadikira. Zinali ngati kuchita odi pakhomo pako pomwe, m'nyumba muli zii. Ndowa inadzaza, ndinasenza, ndinapita.

Ndinapitiriza tsiku ndi tsiku, poti sizinkandidyera nthawi ya ntchito. Patapita masiku mayankho anayamba kubwera, ena ochititsa manyazi. Ndinapeza kuti mbewu ya kachewere ija ndinali ndikadaikwiyira, ngakhale panali patadutsa zaka ziwiri. Ndinapeza kuti ndinkawasowa amayi anga ku Mphunzi, komanso kuti amuna anga akachedwa kubwera ndinkachita mantha kuti kapena apeza wina. Tsiku lina ndinapeza kanthu kakang'ono, kakuti ndimakonda kuwerenga, ndipo chichokereni kusukulu sindinatsegulepo buku kupatula la nyimbo. Chilichonse chimene ndapeza ndinkachinena kwa Mulungu m'mawu wamba, monga momwe ndikanauzira mnzanga: lero ndakwiya, lero ndatopa, lero ndili bwinodi. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti zaka zonsezo kwa Mulungu ndinkatumako mkazi wofatsa uja wotamandidwa ndi apongozi, mwini wakene n'kutsala panja.

Nthawi yolapa itakwana ndinagwada n'kunena kuti, "Bambo, ndakhala ndikunama."

"Kangati?"

"Tsiku lililonse."

"Bodza lake lotani?"

Ndinawafotokozera. Ndinamva akuseka chapansipansi. "Limenelo ndi bodza la parishi yonse," anatero. Anandipatsa mapemphero ochepa, n'kuwonjezera kuti ndipeze munthu mmodzi woti ndizimuuza zoona. Ndinasankha mlamu, ngakhale ndinkadziwa kuti andiseka. Anandisekadi, kenako anandiuza zake za banja lake lija, zimene sindinkazidziwa.

Kumsonkhano ndi pamsika ndinkasamalabe pakamwa monga aliyense. Kumeneko kunali kudziteteza. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano ndikakhala chete ndinkadziwa chimene ndasunga.

Mvula ili pafupi, ndinayalanso mbewu yanga pa udzu. Apongozi anabwera ndi dengu lalikulu.

"Mng'ono wanga uja mbewu yamuwolera. Nditapeko, palibe kanthu eti?"

Mwana wanga anali pakhomo akusewera ndi zitsononkho, khutu lili kwa ife. Ndinagwada monga mwa nthawi zonse.

"Kanthu kalipo, amayi. Mbewuyi ndinaisankha imodziimodzi, ndipo ulendo uja inandichepera, mtima unandipweteka. Ndiwapatsa lichero limodzi. Yotsalayo ndidzala."

Anandiyang'ana ngati aona mlendo. Mlamu ali kuseri kwa nkhokwe anaimba nthungululu. "Bokosi lija layankhula!" anatero. Apongozi anatenga lichero lawo n'kupita. Sabata yonse ankandiyankha mwachidule, ndipo zonditama kwa anzawo zija zinathera pomwepo. Pambuyo pake tinakhalanso bwino, mwina kuposa kale, poti akafuna kanthu ankayamba afunsa n'kudikira yankho.

Kwa mwana zinatenga nthawi. Ndinayamba kumamuuza tinthu tating'ono: lero mutu ukundiwawa, lero ndasangalala chifukwa atate ako abwera. Ankangondiyang'ana. Ndiye tsiku lina tikuchokera kuchigayo anapunthwa pamwala n'kusupuka bondo. Anadzuka, anayang'ana bondolo, anayang'ana ine. Kenako anatsegula kukamwa konse.

"Amayi, pakuwawa! Apa! Apa!"

Anakuwa mpaka agalu a m'mudzi kuyankha. Apongozi anatuluka m'nyumba. "Kodi mwanayu phokosoli waliyamba liti?"

Ndinatula ufa, ndinamukhazika pakhonde, ndinasungunula mchere m'madzi ofunda n'kuyamba kutsuka balalo. Analira kwambiri kuposa poyamba, ndipo ndinamusiya alire mpaka anamaliza.