Ndinakwecha golide wa eni

Nditangofika ku Erdington ndinkasamalira agogo ena achizungu omwe anali ndi galasi lodziyang'anira lakalekale pabalaza. Ankati linapangidwa ku France, komwe amisiri ankamata golide wopyapyala ngati khoko la anyezi pafelemu losemedwa. Ine ndinkangoonapo litsiro. Kwathu chinthu chikada timakwecha, ndiye tsiku lina ndinatenga sitiliwaya n'kukwecha felemulo ngati poto. Golide wa pakona ponse anatsalira m'manja mwanga, pansi pake n'kuoneka dothi lofiira. Agogowo sanandikalipire. Anangosisita pomwe ndinapalapo, misozi ili mbwembwembwe. Bola akanandinyoza! Atamwalira, ana awo anati galasilo lawonongeka, n'kulitaya. Galasi lija linapirira mibadwo yonseyo, koma ukhondo wanga linaulephera.