Kukatenga Achimwene ku Minda ya Mphesa

Agogo athu aamuna anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzafuna ntchito kuno, ndipo sanabwererenso. Ife tinabadwira m'komboni ya Kalingalinga, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa shedi imene bambo ankapaliramo matabwa. Choncho achimwene anga atanena kuti akupita kunja kukagwira ntchito, palibe anadabwa. Mayi anangoti, "Ni magazi ya pa nyumba pano," n'kupitiriza kusankha nyemba.

Achimwene anali kalipentala ngati bambo. Bambo atamwalira anatenga shedi ija, koma mumsewu mwathu akalipentala anali ochuluka kuposa ogula. Mipando inkakhala panja kudikira mwini mpaka vanishi kusuluka ndi dzuwa. Mnzawo wina woyendetsa thiraki ndiye anawauza za dera lina kum'mwera kwenikweni, pamalire a Namibia ndi South Africa, kumene mtsinje wa Orange umadutsa m'chipululu ndipo m'mbali mwake muli minda ya mphesa ndi malo ogona alendo odzaona dziko. Anati kumeneko munthu wodziwa kugwira hamala sagona ndi njala.

Chaka choyamba ankatumiza zithunzi pa foni yanga. Mizere ya mpesa yobiriwira, yowongoka ngati yoyezera ndi chingwe. Azungu m'timabwato tachikasu pamtsinje. Iwo eni ataima pakhonde la matabwa limene anakhoma, chipewa chachikulu kumutu. Mayi ankabwereka foniyo popita ku msonkhano wa amayi a kutchalitchi, ndipo pobwera inkakhala itatha moto. Chaka chachiwiri zithunzi zinachepa. Chachitatu ankangoimba, mawu ochepa, nthawi zambiri lilime litalemera. Kenako anangoti zii.

Masana ena ndili pamsika kugulitsa tomato, foni inalira. Anali bambo wina, kalankhulidwe kake ka ku Chipata.

"Ndimwe alongo awo a akalipentala?"

Ndinavomera.

"Bwerani muwatenge. Ise kuno tayesa."

Mayi miyendo inali itatupa kale, sakanatha ulendo. Ndinasiya tebulo langa kwa mnzanga, ndinatenga pasipoti imene ndinkawolokera nayo malire ku Nakonde kukaoda katundu, n'kukwera basi. Tinadutsa Livingstone, Sesheke, n'kuwoloka kulowa m'Namibia pa Katima. Kuchokera pamenepo ndinkangosintha mabasi, kulowera kum'mwera. Mitengo inayamba kufupika, kenako inatheratu. Panatsala miyala ndi mapiri akuda ngati opsa ndi moto. Sindinaonepo dziko lopanda munthu chotero. Ife tinakulira pomwe ukatsokomola mnansi amakufunsa kudzera pakhoma ngati wamwa mankhwala.

Kenako msewu unatsika, ndipo ndinaona kubiriwira kuja. N'zoona, malowo ndi okongola, sindingakane. Mtsinje waukulu ukuyenda mwakachetechete pakati pa mapiri ouma, minda ya mphesa yatsatana nawo mbali zonse ziwiri, tsidya lino dziko lina, tsidya linalo dziko lina. Pamlatho wa pamalire mathiraki anali atandandalikana. M'mphepete mwa madzi munali nyumba zofolera udzu za alendo, zokhala ndi kapinga wothiriridwa ndi maiwe osambiramo. Mayi wina amene ndinakhala naye m'basi anandiuza kuti mphesa zambiri za kumeneko zimaikidwa m'makatoni kupita kutsidya kwa nyanja, ndipo zina, makamaka kumtunda kwa mtsinje, amafinya kupanga vinyo. Alendo amabwera kudzapalasa mabwato, kugona pamchenga, ndi kulawa vinyoyo.

Bambo wa ku Chipata uja anandichingamira pashopu, nanditengera kumene antchito amakhala. Kunali kuseri kwa minda, pamtetete wopanda mtengo ndi umodzi womwe. Nyumba zinali za bango, zothithikana, zina zokutidwa ndi makatoni ndi mapulasitiki. Mphepo inkalowetsa mchenga m'maso. Ndinaganiza kuti ngakhale komboni ya Misisi imene timainyoza kwathu ija ili ndi makoma.

Achimwene ndinawapeza atakhala pa kreti, atatsamira bango. Ndikanakumana nawo panjira ndikanawadutsa. Khosi linali litatalika, malaya akulendewera m'mapewa. Pambali pawo panali kachigubu ka vinyo wotsekemera wotchipa uja, amene antchito amagula Loweruka.

"Wabwera," anatero. "Bamayo bali bwanji?"

"Bali bwino. Bakuyembekezani."

Anatsokomola nthawi yaitali, nalavulira m'kansalu n'kukabisa m'thumba.

Nkhani yawo ndinaimva pang'onopang'ono, ina kwa iwo, ina kwa bambo wa ku Chipata uja. Ntchito ya matabwa inatha malo ogona alendo aja atamalizidwa. Chilolezo chawo chokhalira m'dzikomo chinathanso. Anachita manyazi kubwerera chimanjamanja, choncho analowa m'minda ngati waganyu. Ankazika mitengo yoyangapo mpesa, ankathyola mphesa nthawi yokolola, ndipo kwa nthawi yaitali ankapopera mankhwala, chifukwa ntchito imeneyo ena ankaikana. Chotchinga pamphuno nthawi zina chinkapezeka, nthawi zina ayi. Chifuwa chitayamba anaopa kupita kuchipatala chifukwa cha mapepala. Vinyo ndiye ankawagonetsa.

M'mawa wa tsiku lonyamuka anakakamira kuti andionetse chinachake. Tinayenda pang'onopang'ono, akupumira panjira, mpaka pampanda wa waya wa malo ena a alendo. Mkati munali khonde lalitali loyang'ana kumtsinje, ndi tebulo lalikulu la matabwa ochindikala, mabenchi mbali zonse.

"Ija tebulo ni ine," anatero. "Palibe msomali olo umozi. Vonse ni volumikiza chabe, monga mwamene batata benze kuchitira."

Patebulopo panali alendo angapo, makapu agalasi ali ndandanda patsogolo pawo. Mtsikana wovala yunifolomu ankathira pang'ono pang'ono. Iwo ankazunguza kapu, kununkhiza, kupsontha, kenako kulavulira m'kachidebe.

"Balavula?" ndinafunsa.

"Ndiye kulawa kwake," anatero achimwene. "Sibafuna kukolewa."

Mlonda anabwera. Ankawadziwa, anawapatsa moni mwaulemu ndithu, koma anati tisaime pamenepo nthawi yaitali, abwana sakonda. Achimwene anagwedeza mutu, tinabwerera.

Ulendo wobwerera sindikonda kuukumbukira. Ankagona paphewa panga, thupi likutentha, ndipo anthu a mipando yoyandikana ankatsegula mawindo. Pamalire anatichedwetsa, natifunsa mafunso ambiri. Pomaliza wa ofesiyo anawayang'ana nkhope, nadinda pasipoti kuti asadzalowenso m'dzikomo, n'kutiuza tizipita. Achimwene anafuna kuseka, koma kuseka kwake kunasanduka chifuwa.

Tinafika m'Kalingalinga dzuwa likupendeka. Mayi anali panja akuchapa. Anayang'ana ine, nayang'ana munthu amene ndinamugwira mkono, n'kubwereranso kwa ine ngati akufunsa kuti mlendoyu ndani. Atazindikira sanalire. Anapukuta manja pachitenje, nawagwira kumaso ndi manja onse awiri, nati, "Ngenani, mwana wanga. Panja pali mphepo."

Kukiliniki anapeza chifuwa chachikulu, ndipo anati mapapo anali atawonongeka kale kwambiri. Kaya anali mankhwala opopera aja, kaya fumbi, kaya vinyo, palibe anatiuza motsimikiza, ndipo ine sindidziwa mpaka lero. Mapiritsi ankamwa mokhulupirika. Nyengo ya mvula anaoneka ngati akupezako bwino, moti tsiku lina anatsegula shedi natenga puleni yopalira matabwa. Anakankha kangapo, nakhala pansi, thukuta lili kamukamu. Sanayesenso.

Chimene chinkandipweteka n'chakuti malo aja sankawatukwana. Ankakhala pakhomo masana n'kumauza aliyense wodutsa za mtsinje, za mmene madzi amazizirira ngakhale miyala ikutentha, za fungo la m'munda mphesa zikapsa, za nyani otsika m'mapiri kudzaba. Ankati akachira adzapeza njira yobwererako. Mayi akamva zimenezo ankalowa m'nyumba.

Anamwalira m'nyengo yozizira, m'mawa, mayi akuwatenthetsera madzi osamba. Bokosi anakhoma akalipentala anzawo a mumsewu mwathu, ndi matabwa amene anatsala m'shedi. Anakana kulipidwa.

Patapita masabata angapo, mnansi wathu wowotcherera zitsulo anabwera kunyumba. Ndi bambo wa ana atatu, wosamwa, woimba kwaya. Anakhala pa benchi, napepesa za maliro kachiwiri, kenako anati amafuna kumva za kumene ndinapita kuja. Magetsi ankazima tsiku lonse masiku amenewo, ndipo makina ake anali atangokhala.

Ndinamuuza zonse. Nyumba za bango, mchenga, mankhwala, zigubu za Loweruka, mapepala akatha. Sindinabise kanthu, ndinawonjezanso mawu kuti aope. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamaondo.

"Namvela, basisi," anatero. "Manje ukafika ku Katima, basi ya kumwela ikwelelwa pati?"

Ndinamuuza, chifukwa akanafunsabe kwina, ndipo mwina akanamusocheretsa. Ananyamuka mvula isanayambe. Mkazi wake tsopano ali ndi tebulo la ndiwo zamasamba moyandikana ndi langa pamsika. Timabwerekana mpeni ndi beseni, timasungirana katundu wina akachokapo, koma za amuna ake sindimufunsa, ndipo iyenso sanena.