Kalata ya makina a amayi

Mwana wanga akayamba kusenda nachesi, ine ndimatuluka panja. Amati ndine bambo wovuta, ndipo sanama.

Chaka chomwe zipani zinachuluka, kwathu ku Dambe kunabwera loya wofuna uphungu. Anaima pagalimoto n'kunena kuti wolanda katundu wa mkazi wamasiye malo ake ndi kundende. Amayi anaimba nthungululu mpaka mawu kusasa, poti bambo atamwalira, abale awo anatenga makina osokera omwe ankatidyetsa.

Kalata yodandaula ndinalemba ndine, kadaulo wa Sitandade 4, lilime lili panja. Amayi anaipereka atagwada, pamodzi ndi lichero la manachesi.

"Mayi, nkhaniyi yatha kale," anatero loyayo. "Voti yokha musaiwale."

Galimoto itanyamuka ndinaithamangira, fumbi lili m'kamwa. Pokhota, dzanja lovala wotchi yonyezimira linaponya kanthu pawindo. Ndinatola. Inali kalata yanga, atakulungamo makoko ndi nthanga zolavula.

Amayi anandipeza ali wefuwefu, akumwetulira.

"Akuponyera chiyani abwanawo? Ayankha kale eti?"

Ndinabisa dzanja kumbuyo, inki ikudontha pakati pa zala.