Mvula Imene Tinalibe Abusa

Fungo la fodya wamuwisi limandinyansa mpaka lero. Limandibwezera m'chigafa chathu ku Msakambewa, ndili ndi zaka khumi, zala zitada ndi utomoni, ndikusoka masamba uku atate akutsokomola m'nyumba.

Atate anali pa chilango cha mpingo chifukwa cha mowa. Zaka zitatu sanadye mgonero. Mowawo anali atausiya, koma kuwabwezera kunkafunika abusa, ndipo abusa athu anali atasamutsidwa mvula isanagwe. Atsopano sankabwera. Ena ankati msewu ukuterera, ena ankati nyumba ya abusa ikudontha. Atate ankangotha thupi.

Ndinaperekeza amayi kwa mkulu wa mpingo. Tinawapeza akukazinga chimanga.

"Mayi, malamulo ndi malamulo. Dikirani abusa," anatero.

"Chifuwacho mukachiuze ndinu kuti chidikire," amayi anayankha, ndipo tinanyamuka.

Masana ena mvula ikugunda malata, atate anafunsa ndi mawu otsika: "Nabanda, ndikapita chonchi andilandira ndani?"

Amayi sanasiye kuwapukuta thukuta. "Ansembe akale ankafa, abusa athuwa amasamutsidwa. Koma Yesu, Mkulu wa Ansembe, sasamutsidwa. Nsembe anapereka kamodzi, inakwana. Panopa akukupemphererani. Inu munalapa, ndipo Iye sapulumutsa munthu theka."

Atate anamwalira fodya asanaume. Kwaya sinabwere, amayi a mvano sanavale zoyera zawo. Tinanyamuka kupita kumanda kuli zii, kumangomveka matope akutafuna mapazi. Kenaka amayi, okha, anayambitsa nyimbo. Ine ndinapolokezana nawo mokuwa, mosalongosoka. Pofika pa mtengo wa muwanga azimayi onse anali akuyimba, ndipo mkulu wa mpingo uja ankangoyang'ana nsapato zake. Sindinayendepo chowongoka ngati tsiku limenelo.

Abusa atsopano anafika chimanga chitauma.

Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Kutchalitchi ndimapita mwa apo ndi apo, ndipo ulaliki ukatalika ndimatuluka. Anthu ondiuza kuti ndidikire ndatopa nawo. Ndili mwana ndinkaganiza kuti amayi ankanena za abusa ena, a njinga yosaopa matope, amene anadzalowa kwathu ine ndili kuchigafa. Lero ndikudziwa kuti panalibe njinga. Amene amayi ankamunenayo sankachita kubwera. Anali kale pantchito yake, ndipo sanachokepo.